Kodi Msilikali Wolumala Akagone Kuti?

Nkhondo ikatha, mabuku a mbiri amatiuza tsiku limene mafumu anagwirana chanza, malire amene anasuntha ndi mizinda imene inasintha mwini wake. Kawirikawiri satiuza kumene anapita munthu uja amene anabwerako ndi mwendo umodzi, napeza kuti kwao kwasanduka bwinja, makolo ake adamwalira kalekale, ndipo khasu sangaligwirenso. Mwezi uno, awerengi athu okondedwa, tifuna timtsate munthu ameneyu m'dziko limodzi lokha, la France, kuti tione kumene ankagona. Nkhaniyi ndi yakutali ndiponso yakale, koma ife a Eklezia sitingaiwerenge ngati anthu ongoonerera, pakuti khomo loyamba limene msilikaliyo anauzidwa kuti akagogode linali lathu.

Kuyambira kale mafumu a ku France anali ndi ufulu wotumiza msilikali wokalamba kapena wolumala ku nyumba ya amonke, makamaka nyumba zija zimene zinamangidwa ndi chuma cha mafumu. Munthu wotumizidwa motere sankachita malumbiro a amonke. Ntchito yake inali kuliza belu, kusesa m'tchalitchi ndi kuyang'anira zitseko, ndipo eni nyumba anayenera kumpatsa chakudya, chovala ndi pogona mpaka tsiku la imfa yake. Pongomva chabe, makonzedwe amenewa ndi okoma ndithu, pakuti malamulo a Benedict Woyera amaika kulandira alendo ndi osauka pakati pa ntchito zazikulu za amonke.

Koma timati mlendo ndi mame chifukwa tidziwa kuti mawa achoka. Uyu sanali wochoka. Anali munthu amene wakhala zaka zambiri m'misasa ya nkhondo, wozolowera kutukwana, njuga ndi mowa, ndipo ankamuika m'nyumba imene eni ake amadya ali chete, nadzuka pakati pa usiku kukapemphera. Amonke ankadandaula kuti mtendere wao watha. Msilikali naye ankadandaula kuti akumuyesa wantchito wapakhomo, iye amene anakhetsa mwazi chifukwa cha mfumu. Mapeto ake, ambiri ankangopangana kuti msilikali azilandira kandalama pachaka koma achoke. Kandalamako kankatha msanga, ndipo munthu ankabwerera kumsewu.

Panali chinanso chochititsa manyazi koposa. Pa nthawiyo nyumba zambiri za amonke zinali m'manja mwa akuluakulu amene mfumu inawapatsa udindowo ngati mphotho. Ena a iwo sanali amonke n'komwe, sankakhala m'nyumbazo, ankangodya phindu la minda yake ali phee ku Paris. Pofuna kupewa msilikali, akuluakulu ena ankalemba dzina la wantchito wao pa malo amene anayenera kukhala a wolumala, kotero kuti wolumala weniweni akafika ndi kalata ya mfumu ankauzidwa kuti malo adadzaza kale. M'zaka za m'ma 1500 mafumu analetsa chinyengo chimenechi kangapo, ndipo kubwerezabwereza kwa lamulolo kukutiuza kuti silinkamveredwa. Tingathe kuwamvera chisoni amonke wamba amene analibe mphamvu pa chuma cha nyumba yao yomwe. Komabe tisazembe choonadi: munthu wolumala anagogoda pa khomo la nyumba ya Mulungu, ndipo nthawi zambiri anabwezedwa.

Amene afuna kuona kumene anthu obwezedwawo ankathera ayang'ane zithunzi za Jacques Callot, mmisiri wa ku Lorraine, amene m'chaka cha 1633 anatulutsa zithunzi 18 zoonetsa masautso a nkhondo. Zoyambirira zimaonetsa anyamata akulembedwa usilikali, kenaka akufunkha midzi ndi kutentha matchalitchi. Chakumapeto timawaonanso: ena akudzikoka ndi ndodo pa bwalo la chipatala, ena agona pa milu ya zinyalala m'mbali mwa msewu, akutsirizika. Callot sanabise kuti wopemphayu ndi yemwe uja anatentha nyumba ya mlimi dzana. Apa ndiye pali povuta pa nkhani yonseyi. Mwana wamasiye aliyense amamumvera chisoni, koma msilikali wakale anthu ankamuopa, ndipo anali ndi zifukwa zomuopera.

Tiyenera kukumbukira m'mene usilikali unkayendera masiku amenewo. Anthu ankalembedwa ndi akapitao ao nkhondo ikayamba, ndipo mtendere ukabwera magulu ambiri ankathetsedwa, munthu n'kungouzidwa kuti azipita, kawirikawiri asanalandire malipiro a miyezi ingapo. Dziko la France linalowa m'nkhondo yaikulu ya zaka 30 ya ku Ulaya mu 1635, ndipo linapitiriza kumenyana ndi Spain mpaka 1659. Motero pangano liri lonse la mtendere linkathira m'misewu khamu la amuna odziwa ntchito imodzi yokha, ya mfuti ndi lupanga. Amphamvu ankasanduka achifwamba; olumala ankakhala pa milatho ya Paris ndi pa makomo a matchalitchi atatambasula dzanja.

Mafumu awiri anayesapo kukonza zinthu. Henri IV anapatula nyumba ina ku Paris kuti ikhale ya asilikali olumala, koma iye ataphedwa mu 1610 ntchitoyo inazilala. Mu 1633 Louis XIII ndi nduna yake, Kadinala Richelieu, anakonza zomanga ina ku Bicêtre. Kadinalayo atamwalira mu 1642, inaima yosatha. Zonse ziwiri zinagwa pa chinthu chimodzi: panalibe thumba lokhazikika la ndalama, ndipo chifundo chodalira moyo wa munthu mmodzi chimaikidwa m'manda pamodzi naye.

Tsono mu 1656 boma linatenga njira yachidule. Linalamula kuti opemphapempha onse a mu Paris, afune asafune, atsekeredwe m'nyumba zazikulu za osauka, ndipo Bicêtre yemwe uja inasanduka imodzi mwa nyumba zimenezi. Akuluakulu anapempha Vincent de Paul Woyera kuti ansembe ake akhale otumikira m'menemo. Iye anakana. Munthu ameneyu sanali mlendo ku masautso a nkhondo: anali atasonkhetsa chuma chambiri chothandizira zigawo za Lorraine, Picardie ndi Champagne zimene asilikali anazisakaza, ndipo mu 1658 anatumiza asisteri anayi a chipani chake ku Calais kukasamala asilikali ovulala ndi odwala, awiri a iwo namwalira komweko. Koma kugwira munthu ndi kumtsekera chifukwa chakuti ndi wosauka, mtima wake sunakhazikike nako. Anamwalira mu 1660, zaka khumi chisanayambike chimene tikuti tifotokoze, ndipo tidzaona kuti ana ake auzimu ndiwo anadzasenza mbali yolemera ya ntchitoyo.

M'chaka cha 1670 mfumu Louis XIV inalamula kuti pa chigwa cha Grenelle, chimene panthawiyo chinali kunja kwa mzinda, pamangidwe nyumba yaikulu ya asilikali olumala ndi okalamba. Dzina lake ndi Hôtel des Invalides, ndiye kuti nyumba ya olumala. Nduna ya za nkhondo, Louvois, ndiyo inayang'anira ntchito, ndipo mmisiri wake anali Libéral Bruant. Mwala woyamba unaikidwa mu 1671, ndipo mu Okotobala 1674 asilikali oyamba analowa. Sinali kanyumba kobisika kuseri. Inali nyumba yonga ya mfumu, ya mabwalo ambiri ndi makonde aatali, yoti mlendo wochokera kunja aione ndi kugwira pakamwa.

Kodi mfumu inachita zimenezi chifukwa chiyani? Lamulo lokhazikitsa nyumbayi, la 1674, silibisa. Limanena kuti nkoyenera kuti anthu amene anaika moyo wao pachiswe chifukwa cha ufumu atsirize masiku ao mu mtendere. Limanenanso kuti palibe chinthu chofooketsa mnyamata wofuna kulowa usilikali koposa kuona m'mene okalamba ndi olumala a ntchitoyo akuvutikira. Ndiye kuti dzanja limodzi linkapukuta misozi ya nkhondo yapita, linzake likukonzekera nkhondo yotsatira. Pamwamba pa izi panali kufuna kuyeretsa misewu, ndiponso kukonda ulemerero kumene mfumu imeneyi inali nako kosaneneka. Ife sitidabwa nazo. Ntchito zabwino za anthu, ngakhale zathu zomwe m'maparishi, sizikhala za ufa woyera wokhawokha. Chimene chiri chatsopano m'lamuloli ndi ichi: msilikali wolumala sakuonedwanso ngati wopempha amene tingamthandize tikafuna, koma ngati munthu amene dziko liri naye ngongole.

Ngongole imafuna thumba, ndipo apa Louvois anaphunzirapo pa kulephera kwa am'mbuyo. Anapatula kachigawo kakang'ono pa ndalama zonse zoyendetsera nkhondo kuti kazipita ku nyumbayi chaka ndi chaka. Kenaka anatembenukira ku nyumba za amonke zija. Sizinakakamizidwenso kulandira msilikali, koma iri yonse inayenera kupereka ndalama imene ikadamsungira, ndipo ndalamazo zinkasonkhanitsidwa ku Paris. Chimene sichinaperekedwe mwa chikondi chinadzatengedwa mwa lamulo. Akuluakulu ena a Eklezia anang'ung'udza. Ife tikamawerenga lero timaona kuti mfumu, ndi zolakwa zake zonse, inali kukumbutsa nyumba za Mulungu chimene zinamangidwira.

Chinthu choyamba chimene msilikali ankakumana nacho pofika chinali kaundula. Mlembi ankamfunsa dzina lake, dzina lake la kunkhondo, zaka zake, mudzi wobadwira, gulu limene anatumikiramo, zaka zimene anatumikira, bala lake ndi kumene analitenga, ntchito yamanja imene ankadziwa, chipembedzo chake, ndiponso ngati ali pabanja. Maina a kunkhondowo ndi osangalatsa ndi omvetsa chisoni nthawi imodzi: amuna oduka manja otchedwa La Fleur, ndiye kuti duwa, kapena Sans-Souci, ndiye kuti wopanda nkhawa. Mabuku amenewa alipobe, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1670 kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 muli maina oposa 100,000. Tiganizirepo pang'ono. Awa anali ana a alimi ndi amisiri, ambiri osadziwa kulemba, anthu amene kupatula m'buku la ubatizo sakadatchulidwa pena paliponse. Munthu amene dzulo ankalumphidwa pa mlatho, lero wina wakhala pansi ndi cholembera kumfunsa kuti ndinu yani, munavulala bwanji. Ife tiyesa kuti kufunsidwa kumeneku kunali mankhwala oyamba, buledi asanafike.

Wolandiridwa ankapatsidwa yunifolomu, bedi, ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku: buledi, nyama ndi vinyo. Ankadya m'zipinda zinayi zazikulu zimene makoma ake anajambulidwa nkhondo za mfumu, ngati kuti anthu amenewa akadatha kuziiwala. Odwala anali ndi chipatala chao, aliyense pa bedi lakelake, pamene m'chipatala chachikulu cha mzinda, cha Hôtel-Dieu, odwala angapo ankagona pa bedi limodzi. Oduka manja ankapatsidwa anzao owathandiza. Amene akadatha kugwira ntchito sankangokhala: munali malo osokera nsapato, olukira masokosi, oombera nsalu, ndipo ena anaphunzira kulemba ndi kukongoletsa mabuku aakulu a nyimbo za m'tchalitchi, ena mwa mabukuwo napita ku tchalitchi cha mfumu ku Versailles. Dzanja lozolowera lupanga likujambula maluwa m'mbali mwa Masalimo! Amene anakonza zimenezi anadziwa kuti denga lokha silibwezera munthu ulemu wake ngati dzuwa lituluka ndi kulowa iye wopanda chochita.

Za mzimu zinaperekedwa kwa ansembe a chipani cha Vincent de Paul mu 1675, ndipo chaka chotsatira asisteri ake anatenga chipatala. Asisteriwa ndiwo ankatsuka zilonda zosapola, kukonza mankhwala, kudyetsa osatha kudya okha, ndi kukhala pambali pa amene akutsirizika. Maina a Louvois ndi Bruant ali m'mabuku onse. A amayi amenewa, ambiri ana a alimi monga odwala ao omwe, sawatchula kawirikawiri. Koma ngongole ija ya mfumu inkabwezedwa tsiku ndi tsiku kudzera m'manja mwao. Eklezia imene inalephera pa khomo la amonke inadzapambana pa bedi la wodwala, ndipo inapambana kudzera mwa anthu ake aang'ono.

Tisakometse nkhani kupitirira muyeso. Nyumbayi inali theka msasa wa asilikali, theka nyumba ya amonke. Misa ndi mapemphero zinali zokakamiza. Woledzera, wotukwana dzina la Mulungu, kapena wogulitsa yunifolomu yake ankalangidwa: ankakhazikidwa pa kavalo wamtengo anzake akuona, kapena kudya pa tebulo la pakati pomwe pankaperekedwa buledi ndi madzi okha. Wosamva ankathamangitsidwa, mwinanso kutumizidwa ku Bicêtre. Akazi ndi ana sankaloledwa kukhalamo. Wapabanja ankaloledwa kukagona kunja masiku ena okha, ndipo mabanja ambiri ankakhala mu umphawi m'timisewu tozungulira mpandawo. Amene analemba malamulowa anaona msilikali, koma sanaone mkazi amene anamdikira zaka zonsezo. Ndipo mfumu itathetsa ufulu wa Aprotestanti mu 1685, msilikali wa mpingo umenewo, ngakhale adataya mwendo m'nkhondo yomweyo ndi mnzake wachikatolika, anayenera kusiya chikhulupiriro chake kuti apeze malo. Ife Akatolika, amene Msonkhano Wachiwiri wa Vatican unatiphunzitsa kuti munthu asakakamizidwe pa za chipembedzo, sitingawerenge zimenezi popanda kuzyolika. Bedi silinayenere kukhala mtengo wogulira chikumbumtima cha munthu.

Vuto lalikulu koposa linali la chiwerengero. Chakumapeto kwa ufumu wa Louis XIV nyumbayi inkasunga anthu pafupifupi 4,000, kupitirira kwambiri amene inamangidwira. Koma m'zaka za m'ma 1690 mfumuyi inali ndi asilikali oposa 300,000, ndipo nkhondo zake zinkatsatana ngati mvula ya mu Januwale. Kuti munthu alowe anayenera kukhala wolumala kwenikweni, kapena kukhala atatumikira zaka 10, zimene pambuyo pake zinakwezedwa kufika 20. Kuyambira 1690 amene ankatha kuimabe ndi mfuti ankatulutsidwa m'magulu kukalondera malinga a m'malire kuti ena apeze malo. Otsala onse, ndipo anali ambiri zedi, anapitiriza moyo uja wa m'zithunzi za Callot. Mfumu inkatunga madzi ndi chikho m'bwato limene iyo yomwe inali kuboola. M'kalata imene inasiya yonena zofuna zake inatchula nyumbayi kuti ndiyo yopindulitsa dziko koposa zonse zimene inakhazikitsa. Ndipo mu 1715, iri pafupi kumwalira, inavomera pamaso pa kamwana kodzalowa ufumu kuti inakonda nkhondo mopitirira.

Pali chinthu china m'nyumbayi chimene chimatiuza zambiri popanda mawu, ndicho tchalitchi chake. Kuyambira 1676 mmisiri wina, Jules Hardouin-Mansart, anamanga matchalitchi awiri olumikizana msana ndi msana. Chimodzi, chachitali ndi chopanda zokometsera zambiri, chinali cha asilikali, ndipo chinatha msanga. Chinzake, cha denga lobulungira lopakidwa golide limene nsonga yake imafika mamita 107, chinali cha mfumu, ndipo chinatsegulidwa mu 1706. Malo a guwa anali amodzi. Mfumu ndi msilikali wake ankatha kumva Misa imodzi, koma aliyense ankalowera khomo lake, nakhala mbali yake. M'zaka zomwezo pamene denga lagolide linali kumangidwa, wansembe wina wachinyamata, Louis-Marie de Montfort, amene ana ake anadzafika ku Nzama mu 1901, anali mumzinda womwewo. Mu 1703 ankatumikira osauka otsekeredwa ku Salpêtrière, imodzi mwa nyumba zija za lamulo la 1656, mpaka anamchotsa, nakakhala m'kachipinda ka pansi pa makwerero. Paris wa golide ndi Paris wa nsanza anali mtunda woyenda pansi.

Maiko ena anatengera chitsanzo. Charles II wa ku England anakhazikitsa nyumba yotere ku Chelsea mu 1682, ina inamangidwa ku Kilmainham pafupi ndi Dublin, ndipo Berlin inapeza yake mu 1748. Koma ku France komweko anthu anayamba kufunsa ngati nkwanzeru kuunjika anthu zikwi m'mpanda umodzi, kutali ndi kwao. Mu 1764 boma linayamba kupereka penshoni kwa wolumala amene akadakonda kukakhala kumudzi pakati pa abale ake, ndipo ambiri anasankha zimenezo. Zaka 90 zinapita kuti akuluakulu amvetse chimene mayi aliyense wa kumudzi akadawauza tsiku loyamba.

M'mawa wa pa 14 Julaye 1789 khamu la anthu a mu Paris linafika pa chipata cha nyumbayi kufuna zida. Nkhalamba zolondera sizinaombe mizinga yao, ndipo anthu anatulutsa mfuti pafupifupi 30,000 m'zipinda zapansi. Kuchoka pamenepo analunjika ku linga la Bastille. Olondera ake anali asilikali 32 a ku Switzerland ndi olumala 82, a m'magulu aja otumizidwa kukalondera malinga. Linga litagwa, ena mwa okalambawo anaphedwa ndi khamulo. Motero pa tsiku limene ufumu unayamba kugwa, anthu a m'kaundula uja anali mbali zonse ziwiri.

Mtembo wa Napoléon unabwera nawo m'nyumbayi mu 1840, ndipo manda ake ali pansi pa denga lagolide lija. Mu 1873 anaika galasi lalikulu pakati pa matchalitchi awiriwo, kotero kuti tsopano ndi olekana. Mbali yaikulu ya nyumba inasanduka malo osungiramo zida ndi zinthu zakale za nkhondo, ndipo alendo amafika miyandamiyanda kudzaona manda a munthu amene nkhondo zake zinadzaza zipinda zimenezi kuposa za Louis XIV. Koma cha kumbali, kumene kunali chipatala cha asisteri, ntchito yoyamba ija ikupitirirabe. Kumakhala anthu osapitirira 100, amuna ndi akazi ovulala kwambiri pa nkhondo kapena pa ziwembu, pamodzi ndi chipatala chophunzitsa oduka miyendo kuyendanso. Dzuwa likawala amatuluka pa njinga zao za olumala kukaothera m'munda, alendo akudutsa ndi matikiti ao m'manja.